Kuwedza ndi fly m'nyanja yamchere: miyezi imene tinsomba timatuluka m'madambo

Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Okutobala, gombe la kumpoto chakum'mawa kwa America, kuchokera ku Cape Cod kudzera ku Rhode Island ndi Montauk (kunsonga kwa chilumba cha Long Island ku New York) mpaka ku New Jersey, limachita ngati msika wa pakutha pa mwezi. Kuno kwathu imeneyi ndi miyezi imene dzuwa limayamba kuswa mtengo, koma kumeneko nyengo yotentha imakhala ikutha. Masiku amafupika, usiku kumayamba kuzizira, ndipo madzi osaya a m'madambo amchere ndi m'mathiriro a mitsinje amazizira msanga kuposa a nyanja yaikulu. Tinsomba timene takulira m'menemo miyezi yonse yotentha timayamba kutuluka miyandamiyanda, kulowera kumwera. Nsomba zolusa zimatidikirira pakhomo. Asodzi akumeneko amaitcha nyengoyi fall run.

Pa zithunzi za pa intaneti mumaona nsomba zikuluzikulu zokhazokha, koma amene amalamulira usodzi wonsewu ndi tinsomba tating'onoto. Malo oima, nthawi yodzuka, kukula kwa nyambo, ngakhale liwiro lokokera chingwe, zonsezi zimachokera pa funso limodzi: lero zikudya kansomba kanji, ndipo madzi akukatengera kuti?

Tiyambe ndi fly yeniyeniyo, poti dzinalo limasocheretsa. Si ntchentche ayi. Ndi nyambo yochita kumanga pa mbedza ndi nthenga za nkhuku, ubweya wa kumchira kwa gwape ndi tiulusi tonyezimira, kuti ikanyowa izioneka ngati kansomba. Imapepuka kwambiri moti simungaiponye payokha. Chimene mumaponya ndi chingwe, chomwe ndi chochindikala, chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo kulemera kwake ndi kumene kumapinda ndodo n'kunyamula nyamboyo. Amene anaonapo anthu akuwedza trout pa phiri la Zomba kapena m'madamu a ku Chelinda pa Nyika akudziwa kaponyedwe kake. Kunyanja yamchere kaponyedwe n'komweko, koma pafupifupi chizolowezi china chilichonse cha msodzi wa trout chimamulakwitsa.

Tinsomba tisanu

Koyamba ndi bay anchovy. Mukakaona m'dzanja munganene kuti ndi usipa wamng'ono: masentimita 3 mpaka 7, thupi loonekera mkati, mimba ya siliva, maso aakulu. Timayenda mothithikana kwambiri moti madzi amaoneka ofiirira ngati mwathiridwa tiyi, ndipo tikadzidzimuka pamwamba pa madzi pamachita ngati pakugwa mvula, n'chifukwa chake ena amatitcha rain bait. Ku Montauk mu Seputembala ndi Okutobala phwando lalikulu limakhala la kansomba kameneka. Kachiwiri ndi silverside, kotalikirapo pang'ono, kokhala ndi mzere wowala m'mbali. Kachitatu ndi sand eel, kowonda ngati pensulo, kamene kamabisala mumchenga. Kachinayi ndi peanut bunker, ana a nsomba ya menhaden, a masentimita 5 mpaka 10, athyathyathya ngati kambuzi wonenepa. Kachisanu ndi mullet wamng'ono, wotalika ngati chala, amene amatuluka mu Seputembala n'kumayenda pamwamba penipeni, m'mbali mwa gombe, akusiya kamzere ngati chilembo V pamadzi.

Musanamange fly iliyonse, yendani m'mbali mwa madzi n'kuyang'ana pansi. Mafunde amalavula tinsomba takufa, ndipo nsomba imene mnzanu wagwira nthawi zambiri imasanza zimene yadya. Tolani kamodzi, kaikeni pambali pa fly yanu. Chofunika koyamba ndi kutalika, kenako kuchindikala, mtundu (woyera, wobiriwira kapena wakuda) pomalizira. Anthu ambiri amayambira ku mtundu, n'kumasintha nyambo kakhumi pa ola, pamene vuto ndi loti fly yawo ndi yotalika kawiri kuposa chimene nsomba zikudya.

Bokosi la fly silifunika kudzaza. Clouser Minnow, imene Bob Clouser anapanga mu 1987 pofuna nsomba za mumtsinje wa Susquehanna, ili ndi timaso tachitsulo tolemera timene timaitembenuza kuti nsonga ya mbedza iziyang'ana kumwamba, motero sikodwa pansi kawirikawiri, ndipo mukasiya kukoka imagwa chamutu ngati kansomba kovulala. Imaimira sand eel ndi silverside. Lefty's Deceiver, ya Lefty Kreh, inapangidwira striped bass, nsomba yolusa ya mizere m'mbali, ku Chesapeake Bay ndipo inatchuka mpaka kuikidwa pa sitampa ya positi ya America mu 1991. Ikamangidwa yonenepa imaimira peanut bunker. Surf Candy ya Bob Popovics ili ndi thupi lolimba loonekera mkati, ndiyo ya bay anchovy, komanso mano sailasa msanga. Ya pamwamba pa madzi, tengani Gurgler ya Jack Gartside kapena Crease Fly ya Joe Blados. Mbedza zikhale zosachita dzimbiri, kuyambira yaing'ono ya nambala 6 kwa anchovy mpaka yaikulu ya 2/0 kwa bunker. Mtundu wa fly ukhale woyera pansi ndi wobiriwira pamwamba masana, wakuda usiku. Mangani fly ndi mfundo yosiya kamphako, yotchedwa non-slip loop, kuti izigwedezeka momasuka. Mfundo yomanga zolimba pakhosi pa mbedza imaiumitsa ngati kamtengo.

Ndipo ikhale yopyapyala. Fly zambiri za m'sitolo zimakhala ndi ubweya wochuluka kuti zikope wogula. Kansomba kenikeni kamaonekera mkati, choncho musaope kuzula theka la ubweyawo ndi zala.

Zimene zikusaka

Striped bass ndiye mwini gombe. Amaswana m'madzi opanda mchere a mitsinje yothira mu Chesapeake Bay, komanso mu Hudson ndi Delaware, amakwera kumpoto mpaka ku Maine nyengo yotentha, ndipo tsopano akubwerera. Amakonda madzi a madigiri pafupifupi 13 mpaka 20. N'chifukwa chake kumapeto kwa Ogasiti, madzi akadali ofunda, masana amakhala kozama ndipo wa pagombe amamupeza usiku ndi m'bandakucha basi. Pofika Okutobala amadya dzuwa lili paliwombo. Alibe mano oti n'kudula chingwe, sathamangitsa chakudya mtunda wautali. Amabisala kuseri kwa mwala kapena m'ngalande ya mumchenga n'kudikira kuti madzi amubweretsere.

Bluefish, amene anzathu a ku South Africa amamudziwa kuti shad kapena elf, ndi chigawenga. Amadula kansomba pakati n'kusiya mutu ukuyandama, amadulanso chingwe chanu chimodzimodzi. Chala musachiyandikitse kukamwa kwake ngakhale ali pamchenga, tengani pulayala.

Koma amene amasokoneza mitu ya anthu miyezi imeneyi ndi false albacore, amene asodzi amangomuti albie. Ndi wa banja la tuna, nthawi zambiri wa makilogalamu 2 mpaka 6, wa mizere yokhotakhota pamsana ndi timadontho takuda pansi pa chipsepse cha pachifuwa. Amafika kumwera kwa Cape Cod ndi ku chilumba cha Martha's Vineyard cha kumapeto kwa Ogasiti kapena koyambirira kwa Seputembala, amadzaza ku Montauk, kenako madzi akazizira amatsikira ku Cape Lookout ku North Carolina, kumene amamuwedza mpaka Novembala. Nyama yake ndi yakuda, yamagazi, ambiri saidya. Amamufunira liwiro lokhalo. Msuweni wake bonito amafika msanga pang'ono, ali ndi mano ndi mizere yowongoka, ndipo iyeyo ndi ndiwo yabwino.

Kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa munthu wokulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi alibe chomufanizira. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika ndi mvula, pachaka. Nyanja yamchere ya kumeneko imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. Kuchokera podzaza kufika pophwa ndi maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako mphindi pafupifupi 50. Ngati lero malo anakupatsani nsomba 5 koloko m'mawa, mawa akupatsani cha m'ma 6. Nsomba sizitsatira wotchi, zimatsatira madzi.

Madziwo sayenda mofanana maola onse asanu ndi limodzi. Gawani kukwera konseko m'magawo 12: ola loyamba limabweretsa gawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Theka la madzi onse limadutsa m'maola awiri apakatiwo, ndipo ndi pamene tinsomba timalephera kulimbana ndi mphamvu ya madzi n'kumakokoloka. Madzi akaima, podzaza kapena pophwa, nthawi zambiri kudya kumaimanso. Imeneyo ndi nthawi yomwa tiyi ndi kusintha leader, kachingwe kakutsogolo komangapo fly. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, kudzaza ndi kuphwa kumakula, ndipo magulu aakulu a tinsomba amakonda kutuluka masiku amenewo.

Ndiye kumene mungaime n'kodziwikiratu: paliponse pamene madzi ambiri akupanikizika kudutsa pakhomo laling'ono. Ku Rhode Island kuli ngalande zokumba zolumikiza maiwe amchere ndi nyanja, monga za Weekapaug, Quonochontaug ndi Charlestown, zokhala ndi makoma a miyala mbali zonse. Madzi akamaphwa, dziwe lonse limakhuthulira tinsomba take pamenepo. Chenjerani ndi chimodzi: tebulo losonyeza nthawi yodzaza ndi yophwa limanena za nyanja yakunja, koma dziwe limachedwa kudzaza, choncho madzi amapitirira kulowa ola limodzi kapena kuposerapo nyanja itadzaza kale. Wobwera ndendende pa nthawi ya pa tebulo amapeza madzi akulowabe n'kumati malowo ndi abodza. Kuphwa kumene kumayamba kukadali mdima n'kupitirira mpaka dzuwa litatuluka, kumeneko ndiye kosaphonya.

Pa gombe la mchenga lopanda miyala, pitani madzi ataphwa mukaone maonekedwe a pansi. Pamene mafunde akusweka n'kuchita thovu m'posaya. Pakati pa mtumbira wa mchengawo ndi gombe pali ngalande yakuda, ndipo penapake mtumbirawo uli ndi mpata pamene madzi amatulukira. Striped bass amayenda m'ngalande imeneyo, nthawi zina mamita 3 okha kuchokera pouma. Cholakwa chofala ndi kuthamangira kulowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuponya kutali, nsomba zili kumbuyo kwanu. Yambani kuponya mapazi ali pouma, ndipo ponyani motsatira gombe, osati molunjika pakati pa nyanja.

Zida

Ndodo ya mafiti 9, amene ndi mamita 2.7, ya nambala 9, imakwanira pafupifupi zonse. Nambala 8 ndi yabwino m'madambo mopanda mphepo. Nambala 10 ndi ya pa miyala ya ku Montauk ndi fly zazikulu. Nambalayo imanena za kulemera kwa mamita 9 oyambirira a chingwe: kwa nambala 9 ndi magalamu pafupifupi 15 ndi theka.

Ngati mungagule chingwe chimodzi chokha, chikhale cha intermediate, chimene chimamira pang'onopang'ono, masentimita 3 mpaka 5 pa sekondi. Chimalowa pansi pa timafunde ta pamwamba, motero pakati pa dzanja lanu ndi fly pamakhala mzere wowongoka. Choyandama chimakwera ndi kutsika ndi funde lililonse, ndipo nsomba ikaluma simumva. Choyandama ndi cha Gurgler ndi madzi ofika m'mawondo. Cha m'boti pa madzi othamanga ndi chomira msanga, cha masentimita pafupifupi 15 pa sekondi. Werengani masekondi chikagwa: ndi intermediate, mita imodzi imafuna masekondi ngati 25, ndi chomira msanga, mamita 3 amafuna 20, ndipo madzi akamathamanga onjezerani. Nsomba ikaluma pa 15, bwerezani 15. Onetsetsaninso kuti pa bokosi palembedwa kuti n'cha madzi ozizira. Chingwe chopangidwira madzi ofunda, monga a ku Bahamas, chimauma ngati waya m'madzi a Okutobala ndipo chimapiringizana pa kuponya kulikonse.

Reel, kagudumu kokulungira chingwe kutsinde kwa ndodo, kwa msodzi wa trout ndi chosungira chingwe chabe. Ya kunyanja yamchere imagwira ntchito. Ikhale ndi buleki yotsekedwa bwino kuti mchere ndi mchenga zisalowe, ndipo pansi pa chingwe chachikulu, chimene ndi mamita 27 mpaka 30 okha, pakhale chingwe chopyapyala chotchedwa backing, mamita 180, chopirira kukoka kwa mapaundi 30. Kutsogolo kumakhala leader, chingwe chosaoneka m'madzi. Kwa striped bass, mamita 2 mpaka 2.5 othera pa mapaundi 20 a ulusi wa pulasitiki wotchedwa fluorocarbon. Kwa albie, amene amaona kwambiri, mamita 3 kapena kuposa, othera pa mapaundi 12 mpaka 16. Kwa bluefish onjezani kawaya ka masentimita 10 mpaka 15. Vuto n'lakuti nsombazi zimasakanikirana, ndipo albie akaona waya amapatuka. Sankhani chimene mwabwerera. Ngati ndi albie, vomerezani kuti bluefish akulandani fly zingapo.

Chida chotsika mtengo kuposa zonse ndicho chimene simungawedze popanda icho: dengu la m'chiuno loponyeramo chingwe. Beseni wamba la pulasitiki lotsukira mbale, lomangidwa ndi lamba, limagwira ntchito, bola pansi pake mubayepo tizingwe tolimba tisanu kapena tisanu ndi kamodzi toimirira ngati minga kuti chingwe chisasakanikirane. Popanda beseni, chingwe chimene mwakoka chimagwera m'madzi, funde n'kuchikulunga m'miyendo, kapena chimalowa pakati pa miyala n'kudulidwa ndi zigoba. Wa m'mafunde aboole pansi kuti madzi azituluka. Wolowa mozama m'madzi odekha asaboole, kuti lisadzaze kuchokera pansi. Ndipo musanayambe, tambasulani chingwe chonse mkono ndi mkono, mukuchikoka zolimba, kuti chiiwale kupindika kwa pa reel. Mukatero muchiunjike m'beseni mwatsopano, mbali yoyamba kutuluka ikhale pamwamba. Wochivundukula pa reel n'kuponya pomwepo amakhala waika chakutsogolo pansi pa mulu, ndipo kuponya koyamba kumathera pa mfundo.

Masekondi khumi a albie

Albie akatulukira, madzi amang'ambika, tinsomba timauluka ngati mpunga womwazidwa, mbalame zimalira, ndipo musanamalize kudabwa zonse zatha. Amatulukiranso mamita 100 uko. Choncho kukonzeka kumachitika asanabwere. Mamita 15 mpaka 18 a chingwe akhale m'beseni, mamita 3 kapena 4 kunja kwa nsonga ya ndodo, fly muigwire ndi zala za kumanzere. Akaoneka, ponyani kumbuyo kamodzi, kutsogolo, kumbuyo kachiwiri, n'kutaya. Wogwedeza chingwe m'mwamba kasanu ndi kawiri amaponya pa thovu lopanda kanthu. Kuti chingwe chipite kutali ndi kuponya kochepa chonchi mumafunika double haul, kumene ndi kukoka chingwe mwachangu ndi dzanja lamanzere pamene ndodo ikupita kumbuyo ndiponso pamene ikupita kutsogolo. Imeneyi iphunzireni pa bwalo la mpira, osati pamaso pa nsomba. Mamita 18 olunjika, oponyedwa mwachangu pamphepo, amaposa mamita 30 a tsiku lodekha.

Musaponye pamene madzi aphulika. Pamenepo nsomba yachokapo kale. Onani kumene gululo likulowera n'kuponya mamita angapo kutsogolo kwake. Fly isanagwe, chingwe chikhale kale pansi pa chala cha dzanja logwira ndodo, nsonga ya ndodo yoloza pamadzi, ndipo yambani kukoka nthawi yomweyo. Ambiri amapanira ndodo m'khwapa n'kukoka ndi manja awiri mosalekeza, kuti fly izithamanga osaima. Zikakana, yesani zosiyana: ponyani pakati pa tinsomba n'kusiya fly izimira yokha ngati kansomba kokomoka. Pa gulu la anchovy miyandamiyanda, yanu ndi imodzi mwa miyandamiyandayo, ndipo imaoneka pokhapokha ili m'mphepete mwa gulu kapena pansi pake. Striped bass akuluakulu nawonso amakhala pansipo, akutola zogwa pamene ang'onoang'ono akuchita phokoso pamwamba.

Ikaluma, musadzutse ndodo. Ichi ndiye chizolowezi cha trout chimene chimataya nsomba zambiri. Ndodo ndi yofewa, singalowetse mbedza yochindikala m'kamwa molimba, ndipo mukaphonya mwachotsa fly m'madzi. Pitirizani kukoka ndi dzanja, ndodo ili chilozere pansi, mpaka mumve kulemera. Mukaphonya, fly yangosuntha theka la mita ndipo ina ikhoza kuitenga.

Tsopano pakubwera pamene pamaduka zingwe. M'beseni mwatsala mamita mwina 10, ndipo atuluka m'masekondi awiri. Maso achoke pa nsomba, apite pa chingwe. Tambasulani dzanja lamanzere kutali ndi ndodo, chala chachikulu ndi chamkombaphala zipange kamphete kuti chingwe chidutsemo, ndipo tembenuzani reel iyang'ane kumbali, tsinde la ndodo litsamire pamkono. Mukapanda kutero chingwe chimalumpha n'kukulunga tsinde la ndodo kapena chogwirira cha reel, ndipo mumangomva kuti thapu. Mukachifinya chimawotcha chala mpaka kutuluka magazi. M'boti, vulani nsapato ngati kukutentha, kuti mumve mukachiponda.

Chikafika pa reel, zala zichoke pa chogwirira, chimazungulira mwamphamvu moti chimatupitsa chala. Buleki ikhale yoikidwiratu, yokoka kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka. Musaimange nsomba ikuthamanga ngakhale muone backing ikutha: chingwe chikamachepa pa reel buleki imalimba yokha, ndiponso chingwe chochindikala chikukokedwa m'madzi chimaonjezera mphamvu pa leader. Kenako mwadzidzidzi chingwe chimalefuka. Nthawi zambiri nsomba sinapulumuke, yatembenuka ikubwera kwa inu. Kulungani ndi mphamvu zonse. Pomaliza imazungulira pansi pa boti. Ndodo ikhale yotsika, ipindikire kutsinde kumene kuli mphamvu. Mukaiimika chilili nsomba ili pamapazi panu, nsonga imathyoka.

Za amaboti tinenepo mosabisa. Kuthamangitsa gulu lililonse ndi injini yolira kumamwaza tinsomba ndi kumiza nsomba, ndipo kumawonongera aliyense. Albie amabwerera malo omwewo mozungulira. Zimitsani injini kumtunda kwa mphepo kapena kwa madzi, boti liyandame lokha kulowera kumeneko. Wa pa khoma la miyala, monga la ku Menemsha pa Martha's Vineyard, naye asamathamange uku ndi uku. Aime kunsonga adikire.

Striped bass wa usiku ndi nkhani ina, yaulesi. Imani pambali pa madzi oyenda, ponyani mopingasa, ndipo musakoke. Siyani madzi atenge fly mozungulira mpaka chingwe chiwongoke kumunsi kwanu. Nthawi zambiri amaluma pamene ikumaliza kukhota. Yendani masitepe awiri, bwerezani. Tochi musaunikire pamadzi. Tembenukirani kumtunda pomanga mfundo. Mvetserani kaphokoso konga kutsegula botolo, ndiye akuyamwa kansomba pamwamba. Magetsi a pa milatho ndi pa madoko amasonkhanitsa tinsomba monga nyali za asodzi a usipa zimachitira pa nyanja yathu, ndipo wolusayo amaima mumdima, pamzere pamene kuwala kwathera. Fly idutse pamzere umenewo.

Mphepo, miyala, chifunga

Ngati mumaponya ndi dzanja lamanja ndipo mphepo ikuwomba kuchokera kumanja, fly idzakumenyani m'khosi kapena m'khutu. Tembenukani, nyanja ikhale kumbuyo kwanu, n'kutaya chingwe pa kuponya kwa kumbuyo. Magalasi avalidwe nthawi zonse, usiku oyera, ndipo kandevu ka mbedza kafinyeni ndi pulayala kuti izituluka mosavuta m'nsomba ndi mwa inu nomwe. Pomenyana ndi mphepo ya kumaso, fupikitsani leader, chepetsani fly, ndipo kuponya komaliza kuloze pansi, pamwamba pa madzi penipeni.

Seputembala ndi pachimake pa nyengo ya mikuntho ya ku Atlantic. Namondwe ali kutali kwambiri, kumwamba kuli mbee, koma mafunde ake amafika aataliatali, ndipo limodzi mwa angapo limakwera mwala umene wakhala wouma theka la ola. Yang'anani malo kwa mphindi khumi musanakwerepo. Miyala yakuda ndi ya ndere imaterera ngati therere, nsapato zikhale za misomali pansi. Buluku la mphira lolowera m'madzi limangidwe lamba m'chiuno, kuti mukagwa lisadzaze. Ku Montauk madzi amakwera osakwana mita, koma ku Cape Cod Bay amakwera pafupifupi mamita 3, ndipo pa mchenga wa ku Brewster munthu amayenda mtunda wopitirira kilomita madzi ataphwa. Pa chiwerengero chija, ola lachitatu lokha limabweretsa masentimita 75, ndipo amayamba kudzaza ngalande za kumbuyo kwanu pamene inu mwaima pouma. Chifunga chikagwa simudziwa kumene kuli mtunda. Tengani kampasi, ndipo nyamukani madzi akangotembenuka.

Mphepo imasinthanso usodzi weniweniwo. Ya kumpoto chakumadzulo, yobwera kukangozizira, imagoneka mafunde pa magombe oyang'ana kumwera ndipo imafulumizitsa tinsomba kutuluka. Ya kumpoto chakum'mawa imavundula madzi. Striped bass amakonda thovu limenelo tsiku loyamba, koma albie amathawa madzi akuda ndipo mkuntho umodzi waukulu mu Okutobala ungathetse nyengo yawo.

Kubweza nsomba ndi lamulo

Striped bass anatsala pang'ono kutha cha m'ma 1980. Boma la America linakhazikitsa lamulo lomuteteza mu 1984, Maryland inatseka usodzi wake kuyambira 1985 mpaka 1990, ndipo mu 1995 analengeza kuti wachulukanso. Mu 2019 kafukufuku wa bungwe loyang'anira usodzi wa gombeli, Atlantic States Marine Fisheries Commission, anapeza kuti wachepanso. Kuyambira 2023 wowedza m'nyanja amaloledwa kusunga mmodzi patsiku, wa mainchesi 28 mpaka 31, ndiye kuti masentimita 71 mpaka 79. Kupitirira mamailosi 3 kuchokera kugombe saloledwa kumuwedza n'komwe. Chigawo chilichonse chili ndi chilolezo chake ndipo malamulowa amasinthasintha, choncho awerengeni chaka chimenecho.

Bungwe lomweli limawerengera kuti mwa striped bass 100 obwezedwa m'madzi, 9 amafa, ndipo madzi ofunda a kumapeto kwa Ogasiti amaonjezera ngoziyo. Choncho leader ikhale yolimba kuti nkhondo ithe msanga. Nyowetsani manja, musamukokere pamchenga wouma, musalowetse zala m'ziwalo zopumira. Mugwireni mlomo wapansi ndi chala chachikulu, dzanja lina lichirikize mimba, ndipo ngati n'kotheka asatuluke m'madzi. Muyang'anitseni kumene madzi akuchokera mpaka adzimenye yekha n'kuchoka. Albie ndi wosiyana: amapuma pokhapokha akuyenda, choncho kumugwirizira pamalo amodzi n'kumupha. Mugwireni pakhosi pa mchira, chotsani mbedza, n'kumuponya chamutu ngati mkondo kuti madzi alowe m'kamwa mwamphamvu.

Mukafika kunyumba, mchere usagone pa zida. Tsukani ndodo ndi madzi a pampopi, makamaka timphete ndi pokhala reel. Reel muithire madzi ofatsa, osati opopera mwamphamvu, amene amakankhira mchere mkati. Ikauma masulani buleki. Chingwe chivundukuleni m'ndowa ya madzi ofunda ndi sopo pang'ono, muchipukute ndi nsalu. Fly zimene zanyowa zisabwerere m'bokosi limodzi ndi zouma. Ziikeni m'kapu ya madzi, kenako muziyanike pa nyuzipepala usiku wonse, chifukwa ngakhale mbedza yolembedwa kuti sichita dzimbiri imadyeka pansi pa ulusi pamene simukuona, n'kudzathyokera pa nsomba ya sabata yamawa.